Za Hitler wathu wa ku hositelo uja

Aise,

Voisi yako ija ya mphindi 11 ndaimva, ndinaimvera musitima pochokera kuntchito ndipo azungu amangondicheukira mmene ndimasekera ndekha. Ndati ndikuyankhe polemba chifukwa funso la ana ako a fomu 4 lija silapafoni, netiweki yakwanuko imadula munthu uli pakati pa nkhani kenako iwe nkumangoti "wati chani, wati chani" mpaka bandulo kutha. Nde wiritsa tiyi kaye, kalatayi italika.

Alamu ndi ana ali bwanji? Kutentha kwa ku Karonga wakuzolowera koma? Kuno ku Berlin nde November watipeza, 4 koloko masana kunja kwada kale ngati usiku, ndikumadzuka mumdima kubwerera mumdima, dzuwa ndimangolimva pankhani.

Akuti anakufunsa kuti Ajeremani amati chani za Hitler, amamunyadira kapena amachita manyazi? Ndisanayankhe ndiyambe ndakukumbutsa Hitler wathu, paja ife tinali naye wathuwathu. A bodingi masitala aja aise! Ndevu zija ankazimeta mmbali nkusiya kachigamba pansi pamphuno, kaya ankadziwa kaya sankadziwa, koma dzina tinawapeza nalo kale ife tikulowa fomu 1 ndipo tinalisiya likadalipo. Hafu 4 mbandakucha wezulo, kenako lamba pazitseko, ukachedwa bulangete lija amakokera pansi iwe uli momwemo. Mapulifekiti awo tinkawati a Gestapo, dzina la apolisi achinsinsi a Hitler aja, ndipo iwe unakhalapo Gestapo teremu imodzi usakane, unandilemba dzina chifukwa cha kawaya kaja kowiritsira madzi pamene tiyi wake tinamwa limodzi. Ndinakumba dzenje lofika mukhosi chifukwa cha iweyo, sindinaiwale.

Ukukumbuka sabata ya sitiraka ya nyemba zofumbwa ija, pamene anyamata anajambula swastika, chizindikiro cha chipani cha Hitler chija, ndi makala pakhoma la dayiningi? Mmawa aphunzitsi a History anaima pamenepo kanthawi manja ali mthumba, tonse tikudikira kuti kukhala moto, iwo nkungoti "mwaitembenuza, miyendoyo imaloza mbali inayo" nkumapita ku staff room. Sukulu yonse inagwa nazo. Ndipo a bodingi akatembenuka ife kumbuyo dzanja mmwamba, zidendene kugunda, kuseka mpaka misozi. Kwa ife zinali ngati za mufilimu basi.

Mkalasi namo zinali zoloweza. Pangano la Versailles 1919, Hitler kulowa mboma 1933, Munich 1938, kulowa Poland pa 1 September 1939, tinachita kuikira nyimbo kuti zisathawe pa MSCE. Ayuda 6 miliyoni inali yankho la mamalikisi awiri, ukalemba 6 miliyoni wakhoza, kutembenuza pepala. Mnyamata uja wa bedi yapakona mpaka ankati Hitler anali dolo, anamanga miseu, anathetsa ulova, Malawi akufunika munthu ngati ameneyo, ndipo palibe anamutsutsa, tinkangoti eya zoona.

Nde ine ndabwera kuno ndi mutu umenewo. Mwezi wachiwiri chiyambireni ntchito kunyumba yosamalira okalamba kuja, tili pa buleki ya shifiti yammawa, tinalipo anthu asanu kapena sikisi tikumwa khofi, anzanga akudandaula za mayi wina amene amalemba ndandanda ya mashifiti, wovuta kwabasi, ukachedwa mphindi zitatu walemba kale mbuku. Ine pofuna kuonetsa kuti Chijeremani chayamba kulowa ndinangoti mayi ameneyo ndi Hitler weniweni, ndikuseka. Aise kunangoti zii. Wina anaika kapu pansi pang'onopang'ono, wina nkuyang'ana pawindo, wina anadzuka kukatsuka supuni yoti inali yoyera kale. Ine mano ali pamtunda ndekha, kenako nkuwabweza. Titatuluka mtsikana wina amene ndimagwirizana naye anandikokera pakhonde nkundiuza mwaulemu ndithu kuti akudziwa sindimatanthauza zoipa koma dzina limenelo kuno sititchulira munthu wovuta pantchito, mayi uja akanamva nkhani ikanafika ku ofesi, komanso mnyumba momwemo muli agogo ena oti abale awo sanabwereko. Tsiku limenelo nkhomaliro sinalowe.

Nde uwauze anawo poyamba kuti zimene tinkachita kumbuyo kwa a bodingi zija kuno ndi mlandu. Kukweza dzanja muja, kujambula swastika, kunena moni wa chipani cha Nazi chija pagulu, umalipa faindi kapena kukalowa mpaka zaka zitatu. Kukana kuti Ayuda anaphedwa ndi mlandunso, umenewo mpaka zaka zisanu. Sizamasewera, mu 2017 alendo awiri ochokera ku China anagwidwa ndi apolisi akujambulana mafoto atakweza manja kutsogolo kwa Reichstag, nyumba ya malamulo ija. Ife sukulu yonse tikanathera mkati kkkk.

Koma lamulo silimene linandisintha, ndi timiyala tamumseu. Amatitcha Stolpersteine, ngati kunena kuti miyala yopunthwitsa, olo kuti supunthwa zenizeni chifukwa tinalowa bwinobwino mnjira ya oyenda pansi. Ndi timabwalo tamkuwa, masentimita 10 mbali zonse, kukula ngati chikhatho, amatiika pakhomo pa nyumba yomaliza imene munthu anakhalamo mwakufuna kwake asanamutenge. Pamwamba amalemba "Hier wohnte", kutanthauza kuti pano pankakhala, kenako dzina, chaka chobadwa, tsiku limene anamutenga, kumene anamupititsa ndi kumene anafera. Anayambitsa ndi mmisiri wina dzina lake Gunter Demnig mzaka za mma 1990 ndipo pano tapitirira 100,000 mmaiko ambiri a ku Ulaya. Ine ndinatiponda miyezi ingapo ndikuyesa ndi zivindikiro za mapaipi amadzi, kufikira tsiku lina chingwe cha nsapato chinamasuka ndikuthamangira basi, ndawerama kuti ndimange, maso nkugwera pa dzina. Tinalipo tinayi pamodzi, dzina la bambo limodzi, banja lonse, ndipo nditachotsera zaka ndinapeza kuti wamng'onoyo sanakwanitse ndi zaka 10 zomwe, mawu omaliza pansi Auschwitz, ndende yopherako anthu ija. Basi inandisiya. Nyumba yake ndi yoyandikana ndi yomwe ndimakhala, pansi pake pali shopu ya Mturuki yomwe ndimagulako buledi.

Pa 9 November, tsiku lomwe mu 1938 anatentha masunagoge ndikuphwanya mashopu a Ayuda dziko lonse, anthu amatuluka madzulo kukatipukuta timiyalati. Sabata yathayi ndaona ndi maso anga bambo wina wachikulire wa mnyumba mwathu momwe, munthu woti timangopatsana moni wa mutu pamasitepe, atagwada pachikatoni mkuzizira konse kuja ndi kansanza ndi mankhwala opukutira mkuwa, akupukuta chilembo chimodzichimodzi, atamaliza anaika kandulo ndi duwa nkudzuka movutikira atagwira khoma. Ndinawafunsa ngati anali abale awo. Anati ayi, sanawadziwe nkomwe, koma makolo awo ankakhala mumseu womwewu nthawi imeneyo ndipo makatani anali nawo, mawindo anali nawo. Anangonena zomwezo nkulowa.

Ana asukulu kuno nkhaniyi amaiphunzira kwambiri akafika kalasi 9 kapena 10, zaka 15 kapena 16, msinkhu wa ana akowo, ndipo makalasi ambiri amapita kukaona ndende zija ndi maso. Ine ndinapita ku Sachsenhausen, ili ku Oranienburg, ukakwera sitima ya S1 kuchokera mtauni pasanathe ola wafika, nkuyenda pansi pang'ono kudutsa nyumba za anthu zokongola ndi maluwa pakhonde, mpaka mpanda wa ndende. Chimenecho chokha chinandizunguza, kuti sinali kutchire ayi, anthu ankayanika zovala pafupi pomwepo. Inatsegulidwa 1936 ndipo pofika 1945 munadutsa akaidi oposa 200,000. Pageti pali mawu achitsulo aja akuti ntchito imamasula. Mkati muli kanjira kokhota koyalidwa miyala yosiyanasiyana, pena nsangalabwi pena mchenga pena simenti, pamenepo akaidi ankawayendetsa tsiku lonse makilomita makumimakumi atasenza katundu, nsapato zina zothina dala, kuti makampani ansapato aone kuti soli iti ikulimba. Makampani aise, anthu abizinesi ndi mafomu awo, kulemba kuti soli iyi yatha msanga. Ine ndimaganiza kuti zoipa zonse zija ankachita ndi asilikali olusa okha.

Tsiku limenelo kunali kalasi ina ndi aphunzitsi awo. Usaganize kuti onse amalira, ana ndi ana, ena amakankhana, ena maso pafoni, awiri amabisala kuseri kudya masiwiti. Koma pofika kumapeto kumene ankaphera anthu ndikuwotcha mitembo, malo omwe a SS, asilikali a chipani oyang'anira ndendezo, ankawatcha Station Z monyoza chifukwa geti lolowera linali A, phokoso linatha lokha popanda wokalipa. Mphunzitsi sanawafunse chaka ngati mmene ankatichitira ife, anawafunsa kuti akuganiza kuti oyendetsa malole obweretsa makala ankauza chani akazi awo madzulo.

Koma usawauze anawo kuti Ajeremani anabadwa olapa, ayi ndithu. Nkhondo itatha mu 1945 kunali milandu ya ku Nuremberg ya akuluakulu aja, kenako ambiri anangotseka pakamwa nkuyamba kumanga nyumba. Chipani chija chinali ndi mamembala oposa 8 miliyoni, ukuganiza anapita kuti? Anabwerera mmaofesi, mmakhoti, mmasukulu. Hans Globke, amene analemba nawo buku lotanthauzira malamulo osankhana mitundu a 1935, anadzakhala dzanja lamanja la Chancellor Adenauer, mtsogoleri wa boma la West Germany. Kurt Georg Kiesinger anali membala wa chipanicho koma anakhala Chancellor kuyambira 1966 mpaka 1969, ndipo mu November 1968 mayi wina wachitsikana, Beate Klarsfeld, anakwera pansanja pamsonkhano wachipani nkumuwomba mbama pamaso pa anthu akumutchula kuti Nazi. Tangoganiza zimenezo kwathu. Amene anasokosa ndi ana awo, mbadwo wa mma 1960, makamaka itachitika milandu ya alonda a ku Auschwitz ku Frankfurt kuyambira 1963 mpaka 1965, ndipamene anayamba kufunsa patebulo kuti bambo inu munali kuti. Chancellor Willy Brandt atagwada ku Warsaw pa 7 December 1970 pachipilala cha Ayuda a mu ghetto, dera lomwe ankawatsekeramo, pafupifupi theka la anthu a ku West Germany omwe anafunsidwa anati waonjeza, chonsecho iyeyo ndi munthu woti anathawa Hitler, analibe mlandu. Mpaka 1985 ndipamene pulezidenti Richard von Weizsäcker anaima mnyumba ya malamulo nkunena kuti 8 May 1945 linali tsiku lomasulidwa, zaka 40 zitadutsa. Chikumbutso chachikulu chija cha zipilala 2,711 pafupi ndi Brandenburg Gate chatsegulidwa dzulodzuloli mu 2005. Ngakhale mbendera yawo yomwe ankachita nayo manyazi kuikupiza, anzanga amati inayamba kuoneka pamagalimoto ndi World Cup ya 2006.

Mtsikana anandikokera pakhonde uja anadzandiuza kuti iye analembera ku Bundesarchiv, kosungira mapepala akale aboma, kufunsa za agogo ake aamuna, paja aliyense atha kufunsa za mbale wake. Kwawo ankangomva kuti agogo anali woyendetsa galimoto basi, sanaombereko munthu, mwinanso anathandizapo Myuda wina. Anati banja lililonse kuno lili ndi nkhani yoteroyo, ukawamvera onse ungadabwe kuti nanga ankaphawo anali ndani. Mapepala atabwera anapeza kadi lachipani ndi dzina la gulu lomwe analimo kummawa. Mayi ake sanamulankhule mwezi wathunthu.

Kuntchito nako ndimamva mbali ina. Pali gogo wina wazaka zoposa 90 amene ndimamusambitsa, mutu umabwera nkumapita, koma nkhani imodzi sasokoneza: mmene anathawira ku East Prussia mu January 1945 ali kamtsikana, pangolo yamahatchi, chipale chofewa mpaka mmaondo, mng'ono wake wakhanda anafera mnjira nkumusiya mmbali mwa mseu chifukwa nthaka inali gwa sakanakumba. Akamaliza amandigwira dzanja nkunena kuti ifenso tinavutika koma sitimaloledwa kunena. Ine ndimangomupukuta msana, ndinganene chani. Za bambo ake sanatchulepo olo kamodzi.

Ndipo pano kuli ena atopa nazo poyera. Chipani cha AfD chinakhala chachiwiri pazisankho za February 2025, mavoti opitirira 20 pa 100 alionse. Mmodzi wa akuluakulu ake, Alexander Gauland, ananena mu 2018 kuti nthawi ya Hitler ndi kachitosi kambalame chabe pa zaka zoposa 1,000 za mbiri ya Germany, ndipo wina, Björn Höcke, khoti linamulipitsa 13,000 euro mu 2024 chifukwa chogwiritsa ntchito mawu a SA, gulu lankhondo la chipani cha Nazi, pamsonkhano. Timiyala tija nthawi zina anthu amatizula usiku kapena kutipaka penti. Ine munthu wakuda pali madera ena kunja kwa Berlin oti sitima yomaliza sindikwera ndekha, nde ndikamva alendo akuyamikira kuti dziko ili linaphunzira ndimangoti eya, ambiri, osati onse.

Chomwe chimandiwawa ine nchakuti kukumbukira konseku kukafika pa Africa kumachepa mphamvu. Anzanga akuntchito amadziwa Auschwitz mpaka nambala ya njanji, koma nditawafunsa za Aherero ndi Anama omwe asilikali a Germany anawapululutsa ku Namibia pakati pa 1904 ndi 1908, mmodzi yekha ndi amene anati anamvapo. Boma linavomera mu 2021 kuti kunali kupululutsa mtundu, nkulonjeza 1.1 biliyoni euro pa zaka 30, koma ambiri mwa eni akewo anakana kuti sanawaitane pokambirana. Za nkhondo youkira Ajeremani ya Maji Maji kwa aneba athu ku Tanzania, 1905 mpaka 1907, pulezidenti Steinmeier wakapepesa ku Songea mu November 2023, pamanda a mafumu a Chingoni omwe anapachikidwa, Angoni ngati akwathu omwewa. Msonkhano wogawana Africa uja wa 1884 tinkauloweza unachitikira pa Wilhelmstraße, ndinapita kukaona, nyumbayo kulibe, pali mafulati ndi kachikwangwani kamodzi kamene ungadutse osakaona. Komabe zikusuntha pang'onopang'ono, ku Wedding mseu womwe unkatchedwa Petersallee mbali ina pano ndi Maji-Maji-Allee, anthu akuda akuno anamenyera zimenezo zaka zambiri.

Iweyo nde uli pabwino kuposa ine, Ajeremani uli nawo pakhomo. Nkhondo ya pa Karonga ya pa 9 September 1914 inamenyedwa pomwe ukukhalapo, ndipo manda a asilikali alipo pa tauni pomwepo, a Angelezi ndi a Ajeremani omwe. Mwezi wa August chaka chomwecho sitima ya Angelezi ya Guendolen inali itakaombera kale sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja ku Sphinxhaven, komwe pano amati Liuli. Chilembwe analembera Nyasaland Times kudandaula magazi a anthu akuda omwe anakhetsedwa pa Karonga pankhondo yoti si yawo, miyezi iwiri asanaukire mu January 1915. Tenga ana ako upite nawo kumandako, si patali, sipafunika ndi minibasi yomwe, akawerenge maina pamiyalapo kenako uwafunse kuti nanga a asikari ndi amtengatenga omwe anafa tsiku lomwelo ndi zaka zotsatira alembedwa pati.

Pali china chomwe sindinauzepo munthu. Ku Sachsenhausen kuja akaidi ankawasokera kansalu kamakona atatu pamalaya, kofiira andale, kobiriwira omwe ankawati zigawenga, kapinki amuna ogonana okhaokha, Ayuda kachikasu, ndiye panali kapepo ka a Mboni za Yehova. Pali mwala wokumbukira mnyamata wina wa Mboni, August Dickmann, yemwe anaomberedwa pa 15 September 1939 akaidi onse akuonerera chifukwa chokana usilikali. Nditawerenga pamenepo mutu unathawira kumudzi. Paja kwathu Mboni zinaletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi achipani, mu 1972 zikwizikwi zinathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zikuyaka, chiletso chinachoka 1993. Agogo anga aamuna, omwe aja unkawakonda chifukwa ankatipatsa nzimbe tikapita pa holide, anali a yufi nthawi imeneyo, malaya ofiira aja, ankaima pageti la msika kufunsa makadi. Kumudzi kwathu kuli munda wina umene mpaka lero timautchula dzina la banja loti kulibe, ndipo ndikafunsa amangoti anasamuka. Sindikunena kuti ndi zofanana ndi za kuno, usandimve molakwa, kukula kwake nkosiyana kutalitali. Ndikungonena kuti zaka zinayi zonse zija tinaloweza Munich ndi Versailles, tinalemba za Gadama, Matenje, Sangala ndi Chiwanga mzere umodzi kuti anafera ku Mwanza mu 1983, koma palibe anatituma kukafunsa kunyumba, ndipo ine mpaka ndadzakumbutsidwa ndi kansalu kapepo kudziko la eni.

Agogowo akadali moyo, maso ndi amene anafooka koma mutu uli bwinobwino. Ndikubwera pa Khirisimasi, tikiti ndagula kale, ndipo ndaganiza zokawafunsa za munda uja, kaya andithamangitsa kaya atani. Mayi ndawauza pafoni ati ndisakayambitse zinthu pa chikondwerero. Ngati sukulu mudzakhale mutatseka tsika udzandiperekeze, iwe amakumasukira kuposa ine, ukayambe ndi nkhani za nzimbe.

Ukapita kumanda kuja unditumizire mafoto, ndikufuna ndikamuonetse mtsikana wakuntchito uja, sakukhulupirira kuti kwathu kuli manda a anthu akwawo. Ndipo undisungire Kilombero makilo asanu, weniweni osati wosakaniza uja unandipatsa ulendo watha. Jekete ya alamu ndagula, saizi ndangoyerekeza.

Kodi a Hitler athu aja akadalipo? Ndinamva kuti anapuma ntchito ali ndi chigayo kwawo. Ukakumana nawo undiperekere moni, koma uwatchule dzina lawo lenileni, ine ndayesa kulikumbukira sabata yonseyi lakana.

Ndine mnzako wa bedi yapansi uja.